Musanagule vani, yambani mwafunsa mtengo wa inshuwalansi

Abale ndi alongo okhala ku America, bizinesi imene ili mkamwamkamwa m'magulu athu a pa WhatsApp ndi ya expedite: kunyamula katundu wofunika mwachangu pa vani ngati Sprinter kapena pa box truck. Ku Indiana, Ohio ndi Michigan kuli mafakitale ambiri a galimoto, ndipo fakitale ikasowa kachitsulo kamodzi imalolera kulipira bwino kuti kafike usiku womwewo. Galimoto yosafika mapaundi 26,001 siifunanso laisensi ya CDL ngati simukunyamula katundu woopsa. N'chifukwa chake ambiri otopa ndi mashifiti akuti, "Ine ndingogula vani basi."

Maganizowo ndi abwino, koma amene akuwerengera mtengo wa vani, mafuta ndi matayala okha sanamalize masamu. Chimene chimagwetsa oyamba kumene ndi inshuwalansi.

Choyamba, inshuwalansi ya galimoto yanu yopitira kutchalitchi ndi kumsika siigwira ntchito mukamanyamula katundu wa anthu molipidwa. Mukachita ngozi, kampani idzafufuza, ndipo ikapeza kuti munali pa bizinesi, idzakana kulipira.

Chachiwiri, amene akufuna kudutsa malire a ma state pa dzina lake ayenera kukhala ndi nambala ya MC yochokera ku FMCSA, bungwe la boma loyang'anira onyamula katundu. Lamulo limati inshuwalansi yolipira anthu amene mwawavulaza kapena kuwawonongera zinthu isachepere $300,000 pa galimoto yosafika mapaundi 10,001, ndi $750,000 pa yoposa apo. Koma lamulo ndi poyambira chabe. Ma broker ambiri sakupatsani katundu ngati mulibe ya $1,000,000, kuphatikizapo ya $100,000 yoteteza katundu amene mwanyamulayo. Ngati vaniyo mwagula pangongole, okongozawo adzafunanso yoteteza galimoto yeniyeniyo.

Mtengo wake umasiyana malinga ndi state imene mukukhala, kutalika kwa maulendo anu, mtundu wa katundu, mbiri ya kayendetsedwe kanu ndi zaka zimene mwakhala ndi laisensi ya ku America. Apa ndi pamene ife obwera timalumidwa: zaka khumi zimene munayendetsa pa M1 pakati pa Blantyre ndi Lilongwe makampani ambiri saziwerengera. Woyamba kumene amalipira zambiri, amayamba ndi dipoziti yaikulu, ndipo bilu imabwera mwezi ndi mwezi, kaya katundu wapezeka kaya ayi. Mukalephera kulipira, inshuwalansi imathetsedwa, FMCSA imadziwitsidwa, chilolezo n'kulandidwa. Vani imangokhala pakhomo ngongole ikuyenda.

Njira ina ndi kulowetsa vani yanu pansi pa kampani yaikulu yokhazikika kale. Nthawi zambiri iwo amakhala ndi inshuwalansi ya paulendo wa ntchito, inu n'kugula yapadera ya nthawi imene mukuyenda zanu. Amadulako gawo pa ndalama zanu, zoona, komabe mumaphunzira ntchito ndi kumanga mbiri. Ingowerengani mgwirizanowo mzere ndi mzere kuti mudziwe zimene akudula ndi zimene sakuteteza.

Pali chinanso chimene ife a m'chipatala sitingachisiye. Zonse tatchulazi zimateteza anthu ena, katundu ndi galimoto. Nanga dalaivala? Mwini vani wodzilemba yekha ntchito kawirikawiri sakhala pansi pa workers' compensation. Expedite ndi ntchito ya usiku, ya tulo tochepa, ya misewu ya chipale. Munthu wothyoka msana kapena mwendo amatha miyezi asanagwirenso chiwongolero, bilu ya chipatala cha ku America ikumudikira, fizi ya ana ndi ya makolo kumudzi itaima. Funsani za occupational accident, inshuwalansi ya umoyo ndi ya imfa. Timasonkherana zinthu zikavuta, ndipo ndi chikhalidwe chonyaditsa, koma msonkhemsonkhe wa pa WhatsApp sungalipire mlandu wa $1,000,000.

Tsono musanasainire vani, pitani kwa ma agent atatu odziwa za mathiraki. Auzeni zoona zokhazokha za maulendo ndi katundu wanu, chifukwa bodza lochepetsera mtengo limadzaululika tsiku la ngozi. Tengani mitengoyo, muiphatikize ndi ngongole ndi mafuta, kenako mudzifunse ngati mungapirire miyezi itatu katundu akusowa. Masamu akakana, dikirani kaye. Vani sidzatha pamsika.