Chenjezo kwa Ochepetsedwa Chifu ndi Onse Owaphikira

Ngati m'nyumba mwanu muli munthu amene anachitidwa opaleshoni yochepetsa chifu pofuna kutsitsa thupi, kaya anakachitira ku India, ku Joni kapena ku Turkey, werengani izi musanateleke mphika wa madzulo ano. Chenjezoli ndi la iyeyo, komanso la inu omuphikira: mkazi wake, mwamuna wake, mayi ake, ngakhale mtsikana wantchito amene amasiyiridwa ndalama ya ndiwo m'mawa.

Pali maganizo amene akuzika mizu ku Namiwawa, Nyambadwe, Sunnyside ndi kwina konse kumene thumba limalola ulendo wotere, akuti munthu akachoka ku opaleshoniyi angopewa guluteni basi, zonse ziyenda. Anthu akutaya ndalama pa mabisiketi ndi buledi wa m'mapaketi olembedwa kuti "gluten free" m'masitolo a ku Chichiri ndi ku Limbe, n'kumagona tulo poganiza kuti wodwala wawo akudya mwanzeru. Ayi ndithu. Munthu angathe kupewa guluteni chaka chonse, thupi lake n'kumatha ndi njala mbale ili m'manja.

Guluteni ndi puloteni yopezeka mu tirigu, mu balere ndi mu mbewu ina ya kumayiko ozizira yotchedwa rye. Ndi imene imachititsa kuti mtanda wa buledi kapena wa mandasi uzitamuka. Amene imawavulaza kwenikweni ndi odwala matenda a coeliac, pafupifupi munthu mmodzi pa 100 alionse pa dziko lapansi, amene matumbo awo amawonongeka mkati akadya tirigu. Opaleshoni ya chifu siyambitsa matendawa. N'zoona kuti ambiri akachitidwa opaleshoni buledi amawakhala pachifuwa, koma chifukwa chake n'chakuti buledi wofewa amaumbika n'kutseka pakhomo pa chifu chaching'onocho. Mpunga ndi nsima zimachitanso chimodzimodzi, chonsecho mulibe guluteni ngakhale pang'ono. Chimanga, mpunga wa Kilombero, chinangwa, mbatata, mapira ndi mawere, zonsezi n'zopanda guluteni chilengedwere, ndipo makolo athu ankadya zimenezi osalipira mtengo wa paketi.

Msampha uli pomwepo. Opaleshoniyi ili ndi njira ziwiri zodziwika. Ina madokotala amadula n'kuchotsa pafupifupi magawo 80 pa 100 a chifu. Ina amasiya kathumba kakang'ono ngati dzira n'kukalumikiza ku matumbo a m'munsi, chakudya n'kumalambalala gawo limene limayamwa ayironi ndi kashiamu wambiri. Malo otsalawo amadzaza ndi masupuni owerengeka. Mukayamba ndi mbamu za nsima, malo atha, ndiwo zasowa polowa. Pamene thupi la munthuyu likufuna mapuloteni osachepera magalamu 60 pa tsiku, dzira limodzi lili ndi magalamu 6 okha. Werengani nokha. Akapereweza kwa miyezi, tsitsi limathothoka kwambiri, minofu imasungunuka, mapazi amatupa, ndipo achibale amayamba kunong'onezana za matenda ena amene palibe.

Za m'mapaketizo ndiye zoopsa mwa njira yakeyake. Tembenuzani paketi muwerenge kumbuyo. Kawirikawiri mupeza ufa wa mpunga, sitachi ya chinangwa kapena ya mbatatesi, shuga ndi mafuta. Zotere zikathamangira m'matumbo, pasanathe mphindi 30 mtima umagunda mothamanga, thukuta limatuluka, chizungulire chimagwira, m'mimba n'kutseguka. Ena zimawapeza patatha ola limodzi mpaka atatu, shuga wa m'magazi atatsika mwadzidzidzi, manja n'kumanjenjemera. Zikakupezani muli pa chiwongolero mu msewu wa Masauko Chipembere nthawi yoweruka, ngozi yake si ya inu nokha. Dziwaninso kuti ufa wa tirigu wa m'mafakitale a kuno lamulo limafuna kuti uthiridwe michere monga ayironi, pamene zambiri za "gluten free" zochokera kunja sizithiridwa kanthu. Mwalipira kawiri kuti mupeze zochepa.

Nanga aphike chiyani? Choyamba tsatirani pepala limene dokotala wa opaleshoni anakupatsani, chifukwa masiku ake amasiyana. Nthawi zambiri milungu iwiri yoyamba imakhala ya zamadzimadzi zokhazokha: mkaka, chambiko chosalala, msuzi wosefa. Kenako zopota, kenako zofewa, ndipo zolimba zimabwera patatha milungu 6 mpaka 8. Zofunikazo zili mu msika wa Limbe, wa Blantyre ndi wa Ndirande, osati m'mashelefu a zakunja. Chipere cha nyemba kapena cha nandolo chopotedwa bwino. Chambo chowiritsa chochotsedwa minga yonse. Usipa wouma wosinjidwa n'kusefedwa, wothira m'phala. Umenewu umabwera ndi kashiamu wa m'minga mwake. Mazira ofewa, nkhuku yophikidwa mpaka kulekana yokha, phala la soya lothira nsinjiro koma losathira shuga. Kanyenya, chipisi cha pa chiwaya ndi zitumbuwa ziyambe zadikira, ngakhale chitumbuwa cha nthochi ndi ufa wa chimanga chilibe tirigu.

Kadyedwe kake n'kotsutsana ndi mmene tinakulira. Ife timati nsima ndiye chakudya, ndiwo n'zoperekeza. Kwa munthu uyu ndiwo zomanga thupi ziyambe kulowa, masamba atsatire, nsima ibwere pomaliza ngati malo atsala, ndipo ikhale kambamu kamodzi kapena tiwiri. Atafune mpaka chisungunuke m'kamwa. Asamwe madzi pakudya. Adikire mphindi 30. Koma pa tsiku azimwa pang'onopang'ono mpaka lita imodzi ndi theka, makamaka m'dzuwa la mwezi wa Okutobala, chifukwa kuuma m'thupi ndi chimodzi mwa zinthu zimene zimabwezera anthu otere ku chipatala.

Amayi ophika, mvetsetsani apa. Soda amene timathira m'therere ndi m'masamba otendera amapha vitamini B1. Ufa woyera nawo, pokonola ndi poviika mphale, umataya mavitamini ambiri amene mgaiwa umasunga. Kwa munthu wa chifu chonse zimenezi zimakwiririka ndi zakudya zina. Kwa uyu ayi. Thupi limasunga B1 wa milungu iwiri kapena itatu yokha, ndipo munthu amene akusanza tsiku ndi tsiku amamutha msanga. Zizindikiro zake zimasokoneza: kuyankhula zosagwirizana, kuiwalaiwala, kuona zinthu ziwiriziwiri, kudzandira poyenda, dzanzi m'miyendo. Musathamangire kwa asing'anga, ndipo pemphero lichitikire m'galimoto muli pa ulendo wa ku chipatala. Ubongo ukawonongeka ndi vutoli nthawi zina subwereranso. Mukafika nenani msanga za opaleshoniyo, chifukwa diripi ya shuga ingakulitse vutoli ngati B1 sanaperekedwe kaye. Amene akukayika zoti kudalira chimanga chokha kumadwalitsa akumbuke 1990, pamene anthu oposa 18,000 othawa nkhondo ya ku Mozambique anadwala matenda osowa vitamini otchedwa pelagra m'dziko muno, mtedza utasowa pa chakudya chimene ankalandira.

Mavitamini a m'botolo si a mwezi umodzi. Ndi a moyo wonse: B12, ayironi, kashiamu, vitamini D ndi ena amene dokotala analemba. Mavuto a ndalama zakunja amasowetsa mankhwala m'mafamase, choncho musadikire kuti botolo lithe musanayambe kufunafuna lina. Kafukufuku wa boma wa 2015-16 anapeza kuti mayi mmodzi pa atatu alionse m'Malawi ali ndi magazi ochepa. Ambiri amapita ku opaleshoni ali operewera kale. Yezetsani magazi kangapo chaka choyamba, kenako kamodzi chaka chilichonse. Amayi apewe kutenga pathupi kwa miyezi 12 mpaka 18, ndipo afunse za njira yolerera, chifukwa mapilitsi olerera angathe kusayamwidwa mokwanira mwa amene matumbo awo analambalalitsidwa.

Inu amene mukumwa ma ARV, musabise ku kiliniki kwanu. Mankhwala a dolutegravir, amene ali mu piritsi limene ambiri akulandira masiku ano, amamangana ndi ayironi ndi kashiamu mukamwera pamodzi m'mimba mulibe kanthu, mphamvu yake n'kuchepa. Pali kasiyanitsidwe ka maola kamene adzakuuzani. Odwala shuga ndi BP nawonso mlingo wa mankhwala awo umafunika kuunikidwanso thupi likamatsika.

Mutu ukawawa, musatume mwana ku okala kukagula chilichonse. Brufen, diclofenac, indocid ndi aspirin zimayambitsa zilonda pamene anasokapo, mpaka kuboola. Panado ndiye amaloledwa, pa mlingo wake. Mowa umalowa m'magazi mofulumira kuposa kale, botolo limodzi n'kugwetsa munthu amene ankatha angapo. Thobwa la shuga, maheu ndi zakumwa za gasi, ngakhale azipereke pa chinkhoswe ndi manja awiri, kanani mwaulemu.

Alipo ochepa amene alidi ndi coeliac. Ngati mukutsegula m'mimba kosalekeza, magazi sakukwera ngakhale mukumwa ayironi, kapena pakhungu patuluka matuza oyabwa, pemphani kuyezedwa musanasiye tirigu, chifukwa mukasiya kaye zotsatira zimanama. Akakupezani nawo, tirigu amabisala mu masoseji, poloni, timachubu tokometsera ndiwo, supu wa m'mapaketi ndi mowa wa m'mabotolo, umene umafululidwa ndi balere. Chigumu china amasakaniza ndi fulawa, ndipo mafuta okazingira mandasi sayenera kukazingira chakudya chanu.

Azakhali ndi apongozi, lekani mawu aja akuti "idyaniko, mwatha thupi." Kukakamiza munthu ameneyu kumaliza mtanda wa nsima n'kumuvulaza, makamaka milungu yoyamba pamene posokapo sipanapole. Mukafuna kumusonyeza chikondi, mubweretsereni mazira.

Thamangani ku chipatala usiku womwewo mukaona izi: kusanza kosasiya tsiku lonse, kutentha thupi, mtima kugunda koposa ka 120 pa mphindi, kupweteka koopsa m'mimba kapena pa phewa lakumanzere, chimbudzi chakuda bii, kubanika, kapena katumba wa mwendo umodzi kutupa, makamaka mwa amene angotsika kumene ndege ku Chileka. Queen Elizabeth Central Hospital, Mwaiwathu ndi Blantyre Adventist zili mu mzinda womwe uno wa Blantyre. Dokotala wa ku Delhi kapena ku Istanbul sangakugwireni pamimba kudzera pa WhatsApp. Nyamulani mapepala onse a opaleshoni pamodzi ndi buku la kuchipatala, ndipo pemphani kuonana ndi katswiri wa kadyedwe wovomerezeka. Ngati munabwerako osapatsidwa lipoti lolemba mtundu wa opaleshoni imene munachitidwa, liitanitseni sabata ino.