Kabungwe ka mbiri ya mudzi kasasanduke bwalo la milandu

Cimanga calowa m'nkhokwe, makasu apacikidwa, ndipo m'midzi ina ya kuno kum'mawa anthu ayamba kukhala pansi pa mtengo pa Sondo masana kuti alembe mbiri ya mudzi wao. Ndi tumabungwe ta anthu odzipereka: mphunzitsi wopuma pa nchito, amai awiri atatu, mnyamata amene anatsiriza Giredi 12 koma nchito sanaipeze. Palibe amene awalipira. Ife tikuti nchito imeneyi ndi yabwino ndipo yacedwa kale, koma ili ndi msampha umene oyamba kumene ayenera kuudziwa asanagule ngakhale buku loyamba.

Mbiri yaikulu ya cigawo cathu ili ndi oisunga. Mwana wa sukulu adziwa kuti Angoni a Zwangendaba anaoloka Zambezi mu Novembala 1835 tsiku limene dzuwa linada masana, kuti Angoni a Mpezeni anagonja kwa Azungu mu 1898 ndipo Nsingo anaphedwa, kuti mwambo wa Nc'wala unayambanso mu 1980. Adziwa za Kulamba ku Mkaika. Koma mufunseni mwana yemweyo kuti anamanga mudzi wake ndani, kapena cifukwa cake mudziwo uli pa miyala pamene nthaka yabwino ili tsidya la mseu, adzangoyang'ana pansi. Yankho lilipo. Kampani ya North Charterland inatenga dziko lalikulu kuno, anthu anakankhidwira m'malo opanikiza kumapeto kwa zaka za m'ma 1920, ndipo boma la atsamunda litagula dzikolo mu 1941 midzi yambiri inasamutsidwanso. Amene anali ana pa msamuko umenewo apitirira zaka 80 tsopano. Iwo ndiwo adziwa kuti mudzi unacoka kuti, unagona kuti pa njira, ndi kuti manda akale anatsala kuti.

Msampha uli pomwepo. Mbiri ya msamuko ndi mbiri ya minda, ndipo munda lero uli ndi mtengo. Kucokera pa lamulo la za malo la 1995, malo a mfumu akhoza kusandutsidwa kukhala a cikalata ngati mfumu yavomera, ndiye aliyense amene ali ndi mkangano wa malire afuna pepala lomuikira kumbuyo. Mikangano ya unyakwawa ndi cimodzimodzi. Buku la kabungwe likangodziwika, maso a anthu otere agwera pa ilo.

Wolemba ndemanga ino anaziona yekha. Kagulu kathu katagwira nchito caka cimodzi, banja lina linabwera kudzabwereka buku, akuti ana afuna kuwerenga. Patapita masiku tinamva kuti tsamba lina lawerengedwa pa bwalo la anyakwawa, pamene panali mlandu wa dimba. Pa tsambalo mlembi wathu analemba kuti dimbalo linayambidwa ndi agogo a banja limenelo. Analemba zimene anamva kwa nkhalamba imodzi, koma sanalembe dzina la nkhalambayo, tsiku, kapena kuti nkhalambayo inali malume wa eni mlandu. Zinangooneka ngati ndi ciweruzo ca kabungwe. A mbali inayo anati tinagulidwa. Caka cotsatira conse okalamba anatitsekera pakamwa, tikafika pa khomo ankati mutu ukupweteka, ndipo awiri mwa iwo anamwalira tisanabwerereko. Colakwa cinali cathu.

Cimene tinaphunzira n'cakuti kabungwe kalembe mau a munthu monga mau a munthuyo. Pamwamba pa tsamba pakhale dzina la wolankhula, mfunda wake, tsiku, malo, ndi maina a amene analipo. Mukatha kulemba muwerengereni mwini wake kuti akonze kapena akane. Nkhalamba ina ikanena zosiyana, lembani zonse ziwiri, ina tsamba ili, ina tsamba linalo, osasankha yokoma. Oweruza milandu alipo kale: anyakwawa, nduna, mfumu ndi makhoti. Mfumu ikapempha buku, wakumpando ndi mlembi apite nalo okha, awerenge mbali zonse pamaso pa anthu, abwerere nalo. Buku lisagone pa nyumba ya munthu amene ali ndi mlandu, ngakhale usiku umodzi.

Kalembedwe kameneka si kacilendo. Aliyense amene anatsegulapo kaundula wa ubatizo pa parishi adziwa mmene alili wouma: tsiku, dzina, makolo, mudzi, mboni, ndi dzanja la wobatiza. Mulibe nthano, koma cifukwa ca kuuma komweko anthu amukhulupirira patapita zaka zambiri. Amishoni a Dutch Reformed anafika ku Magwero mu 1899, a White Fathers anatsegula Kachebere mu 1903, ndipo mabuku a mipingo, kumene anasungika, athandiza kuika caka pa nkhani imene agogo angoti inacitika mwana wao woyamba ali kumbuyo. Ku National Archives mu Lusaka kulinso mabuku amene ma DC ankalembamo za maboma ao, maina a mafumu, midzi ndi msonkho. Amene ali ndi mwana ku walale amutume akaone. Koma pepala la DC nalonso ndi mboni cabe. Mzunguyo ankamva kudzera mwa womasulira ndi amesenjala, ndipo cimene ankafuna kweni-kweni cinali msonkho ndi bata. Zimene analemba ziikidwe pambali pa mau a okalamba ndi dzina lake pamwamba, monga wina aliyense.

Tumabungwe tambiri tithamangira kwa amuna okalamba cifukwa ndiwo alankhula pa bwalo. Kumeneko ndi kutaya theka la mbiri. Pakati pa Acewa ndi Ansenga mtundu uyenda ndi mai, ndipo amene adziwa kuti uyu anabala uyu, uyu anabwera ngati mkamwini, uyu anapita ku Halale osabwerera, ndi agogo aakazi amene akhala cete kuseri kwa nkhokwe. Ngakhale m'midzi ya Angoni, kumene ana atsata atate, nkhani za maukwati ndi za njala zili ndi amai. Koma iwo sadzamasuka kwa amuna atatu okhala pa mipando ndi mabuku. Atumidwe amai anzao, apite ndi lichero, akatongole nao cimanga.

Pali zinanso zimene colembera ciyenera kuziopa. M'midzi yathu muli mabanja amene makolo ao anagwidwa pa nkhondo kapena anaperekedwa pa mlandu, ndipo liu lakuti kapolo likali kupweteka mpaka lero. Nkhani yotere ikanenedwa, mwini wake anene ngati afuna kuti ilembedwe, ndipo isawerengedwe pa msonkhano. Za ku dambwe ndi za ku cinamwali zili ndi eni ake. Kuti UNESCO inalemekeza Gule Wamkulu mu 2005 sikutanthauza kuti zinsinsi zake zatseguka kwa aliyense wa buku. Koma mkangano wautali umene unalipo pakati pa mipingo ndi nyau, masukulu amene anasokonezeka, anthu amene anacotsedwa mu mpingo, umenewo ulembedwe mosabisa, ndipo ife a m'chalichi tisadziyeretse polemba.

Za ndalama tinene mwacidule. Kabungwe kamene kayembekeza opereka thandizo kafa kasanabadwe, ndipo kamene kazolowera alawansi kaleka kukumana tsiku limene alawansi yatha. Meda imodzi ya nshawa kwa membala aliyense pa caka ikwanira mabuku a cikuto colimba ndi zolembera, ndipo msungacuma aziwerenga zimene zalowa ndi zatuluka pa msonkhano uliwonse. Kujambula mau pa foni n'kothandiza, koma foni igwera m'madzi, ibedwa, igulitsidwa nthawi ya feteleza. Zojambulidwa zilembedwe pa manja sabata yomweyo. Mabuku akhale awiri ofanana, lina kwa mlembi, lina ku sukulu kapena ku parishi, onse mu sutikesi ya citsulo cifukwa ciswe sicidziwa mbiri. Anyakwawa auzidwe coyamba ndi ulemu wonse, koma asakhale akumpando, iwo kapena aliyense amene ayang'ana mpando wao. A zipani asiye zitenje zao kunyumba.

Kwa amene ayamba caka cino tikuti musayambire pa malire. Yambirani pa njala. Funsani za cilala ca 1992 pamene tinadya cimanga cacikasu, za njala ya 2002, ndi za cilala ca 2024 cimene boma linacilengeza kuti ndi tsoka la dziko lonse. Ndi zitsime ziti zimene sizinaphwe, ndi dambo liti limene linasunga cinyontho, ndani anakolola kanthu ndipo anabzala ciani, mapira kapena cinangwa, mbeu yake anaisunga bwanji, ng'ombe anazimwetsa kuti. Pa nkhani izi palibe amene akusumirani, okalamba azikamba mokondwa, ndipo mlimi aliyense aona phindu lake. Anthu akaona kuti mulemba mau ao moona ndi kuwawerengera asanatseke buku, za msamuko ndi za manda akale adzaziyamba okha.

Nthawi ndi yocepa. Kucokera pano mpaka mvula yoyamba pali masondo owerengeka, ndipo ena adzapita ku maliro, ku misika ndi ku Kulamba kumapeto kwa Ogasiti. Sondo ikudzayi kabungwe kalikonse kalembe maina a anthu khumi okalamba koposa m'mudzi, amai ndi atate omwe, ndipo kayambire pa amene adwala.