Lekani Kuseka Ophunzira Kuphika

Inu acinyamata anzanga, pali cizolowezi cimodzi pakati pathu cimene ndifuna kucitsutsa poyera. Mnzathu akapeza malo ku yunivesite, tiimba nthungululu. Koma wina akati apita kukaphunzira zophika ndi za m'mahotela, tiyang'anana ndi kuseka capansipansi. "Sanakhoze bwino Giredi 12 ameneyu." Akakhala mnyamata tionjezapo kuti, "Mwamuna wathunthu kuvala epuloni?" Makolo enanso akana kulipira, amvekere, "Sindinakuphunzitse zaka 12 kuti ukatsuke mbale za eni." Ine nditi kuseka kumeneku ndi umbuli, ndipo kwakhalitsa acinyamata ambiri pakhomo popanda cocita.

Manyazi amenewa tidziwa kumene anacokera. M'masiku a atsamunda agogo athu anali kuphikira azungu m'mayadi, iwo eni namagona m'kanyumba ka kuseri. Munthu waimvi anali kuchedwa boyi ndi kamwana ka dzulodzulo. Coipa pamenepo cinali citonzo ndi malipiro ocepa. Luso la manja ao linalibe mlandu. Zambia analandira ufulu mu 1964. Kodi ife tidzasenza manyazi a atsamunda kufikira liti?

Tsiku lina tsikani basi pa Longacres, muyende maso ali otsegula. Mu Haile Selassie Avenue muli hotela ya InterContinental. Mukalowa mu Church Road mupeza Pamodzi ndi Fairview. Pa Fairview pomwepo pali sukulu ya boma ya Zambia Institute for Tourism and Hospitality Studies, imene kale inali kuchedwa Hotel and Tourism Training Institute, ndipo inakhazikitsidwa m'dzina latsopanoli ndi lamulo la 2016. Ophunzira pamenepo aphikira ndi kutumikira alendo enieni. Kodi boma likanavutika kupanga lamulo cifukwa ca kutsuka mbale cabe?

Inu amene museka, tayankhani. Pa ukwati wa anthu 300, ufa ufunika wocuruka bwanji, nkhuku zingati, mafuta malita angati? Mbale imodzi muigulitse zingati kuti musataye ndalama? Wophunzira zophika adziwa kuwerengera zonsezi. Adziwa kuti nyama isungidwa pozizira posapitirira madigiri 5, kuti nkhuku ipsa bwino m'kati mwake mukafika madigiri 75, ndi kuti mpeni wodulira nyama yaiwisi sukhudza ndiwo zodya zosaphika. Tinaona kolera m'Lusaka mu 2017 ndi 2018, ndiponso mu Januwale 2024 pamene bwalo la Heroes linasanduka cipatala, masukulu nacedwa kutsegulidwa. Pa nthawi zotere, moyo wa anthu mazana ukhala m'manja mwa iye amene ali kukhichini. Munthu wotere ndiye wolephera?

Ena mudzati, "Nchito ya m'hotela ndi yowawa." Simunama. Muimirira tsiku lonse, mugwira usiku, pa Sondo ndi pa Khrisimasi pomwe. Malipiro oyambira ndi ocepa, ndipo alendo ena alibe ulemu, makamaka kwa atsikana. Mu 2020 matenda a Covid-19 atatseka maulendo, anchito ambiri a m'mahotela anabwezedwa kunyumba. Zonsezi ndi zoona, ndipo tiyenera kudzudzula mabwana odyera anchito masuku pamutu. Koma taonani ici: wocotsedwa nchito wa luso la manja apita nalo luso lake kunyumba. Loweruka lililonse ku Kabwata, ku Chelstone ndi ku Woodlands kuli maukwati ndi matebeto, ndipo eni ake afunafuna wodziwa kuphika ndi kukonza keke. Mai Sylvia Banda anayamba ndi kalesitilanti kakang'ono m'Lusaka m'zaka za m'ma 1980. Pambuyo pake anachuka m'dziko lonse ndi nchito ya kuphikira misonkhano ndi kufutsa ndiwo zathu zamasamba. Akanamvera oseka, bwenzi ali kuti?

Alendonso sanaleke kubwera. Mu Ogasiti 2013 Livingstone, pamodzi ndi tauni ya Victoria Falls ya ku Zimbabwe, inalandira msonkhano waukulu wa bungwe la United Nations loona za alendo okaona malo. Caka ndi caka anthu acokera kutali kudzaona Mosi-oa-Tunya, nyama za ku South Luangwa, Nc'wala ku Mtenguleni ndi Kulamba ku Mkaika. Mlendo ndi mame, sacedwa kupita. Cimene akasimba kwao ndi mbale imene anadya ndi nkhope imene inamulandira. Ife tikakana kuphunzira, eni mahotela adzaitana ophika akunja, ife n'kutsala panja tili kudandaula kuti nchito kulibe.

Tsono ngati mtima wanu uli ku nchito imeneyi, citani mwanzeru. Si sukulu iliyonse yokhala ndi cikwangwani cokongola imene ili yoona. Mu Longacres momwemo, mu Birdcage Walk, muli ofesi ya TEVETA, bungwe lokhazikitsidwa ndi lamulo la 1998 kuti lilembetse ndi kuyang'anira masukulu a nchito za manja. Musanapereke ngwee imodzi, kafunseni ngati sukuluyo inalembetsedwa. Pitani mukaone khichini yake ndi maso anu, mufunsenso kumene ophunzira atumizidwa kukayeserera nchito. Ngati ndalama zivuta, kumbukirani kuti mu 2022 thumba la CDF linakwezedwa kucoka pa K1.6 miliyoni kufika pa K25.7 miliyoni pa konsitichuwense iliyonse, ndipo mbali ina ndi yolipirira acinyamata maphunziro a luso. Kafunseni ku komiti ya citukuko ya wadi yanu.

Fodya wako ndi amene ali pamphuno. Kudikira malo a ku yunivesite zaka zitatu uli khale pa khonde ndi foni m'manja, ameneyo ndi fodya wa pa cala. Pa msonkhano wotsatira wa gulu lanu, mnzanu akaimirira nati apita kukaphunzira kuphika, muombereni m'manja monga mucitira wa ku UNZA. Ndipo inu anyamata oseka epuloni, musaiwale kuti madzulo ano mudzasamba m'manja ndi kudya nsima imene wina waphika.