Za Masanje

Pamene mvula yatha, ndi anthu atha kukolola dzinthu zao, m'miyezi ya Meyi, Juni ndi Julayi, ifika nyengo imene ana a m'midzi aikonda koposa. Cimanga cili m'nkhokwe, mbuzi ziyenda m'minda popanda wozibweza, ndipo makasu apacikidwa. Pamenepo anyamata ndi atsikana aturuka kunja kwa mudzi, namanga tinyumba ta mapesi ndi udzu, nakhala komweko usana wonse monga eni mudzi. Masewera amenewa ndiwo masanje.

Alipo anthu ena amene apeputsa masanje. Munthu wamkuru wina anena, "Ana awa angotaya nthawi." Mwana wina amene wafika m'makalasi apamwamba ayesa kuti masanje ndi za ana osaphunzira. Ndipo masiku ano ana ambiri akonda kukhala m'nyumba zoonetsa kanema, kapena kuunjikana pa foni ya mkuru wao, osagwira kanthu ndi manja ao. Koma ine ndinena kuti masanje ndiwo sukulu yoyamba ya pamudzi, pakuti kumeneko mwana ayesa nchito za akuru, ndipo akalakwa palibe munthu agona ndi njala cifukwa ca kulakwa kwaceko.

Poyamba taonani kamangidwe ka nyumba. Mnyamata afuna timitengo toongoka, nakumba maenje, naimika nsici zace, nazimanga ndi luzi, nafolera ndi udzu. Akamanga mwaulesi, mphepo ya mwera, imene iomba kwambiri m'miyezi yomweyi, igwetsa nyumbayo tsiku lomwelo. Anzace amseka pang'ono, iye namanganso, ndipo ulendo waciwiri akumba maenje akuya, nalimbitsa mfundo zace. Palibe wamkalipira, koma mphepo yamphunzitsa. Tsiku limene adzamanga nyumba yeniyeni, manja ace adzakumbukira zimene anaphunzira pa nyumba ya mapesi ija.

Taonaninso nchito ya atsikana. Iwo apita ku minda yokololedwa kukakunkha cimanga ndi nyemba zimene zinatsala, monga anacita Rute m'munda wa Boazi. Atabwera nazo atonola, nakonola m'kamtondo, napeta ndi licero, nasinja ufa. Pamenepo aika mafua atatu, nasonkha moto, natereka kamphika. Kuphika nsima sikuphunziridwa ndi makutu. Munthu ayenera kuona yekha madzi atafunda, ndi kudziwa muyeso wa ufa wa phala, ndi kumva m'dzanja lace kulemera kwa mthiko pobvundula. Kodi mwana adzayesera kuti? Amace sangathe kumpatsa mphika wa banja lonse, pakuti akauononga, anthu onse a m'nyumba adzagona osadya. Koma ku masanje ufa uli wa m'manja awiri okha. Nsima yoyamba ikhala yamibulu, yaciwiri ipserera, yacitatu idyeka, ndipo pakutha pa nyengoyo mtsikana uja aomola nsima imene atate ace angadye osadandaula.

Nanunso anyamata, musacite manyazi kukhala pafupi ndi mafua ndi kugwirako mthiko. Ambiri a inu mudzapita kutali kukaphunzira kapena kukagwira nchito, ndipo kumeneko simudzakhala amai kapena mlongo wokuphikirani. Atsikananso ayese kumanga ndi luzi, pakuti khola la nkhuku likapasuka siliyembekeza mwamuna kuti abwere.

Ku masanje ana aphunziranso kudziwa dziko lao. Pofuna ndiwo, mtsikana wamkuru aonetsa ang'ono bonongwe, cisoso, luni ndi therere, kumene zimera m'madimba ndi m'mbali mwa dambo, nawauza masamba amene sadyedwa. Anyamata agwira ziwala, nachera misampha, naphunzira kuzindikira una wa mbewa umene uli ndi mwini wace ndi umene unasiyidwa kale. Nzeru zotere sizilembedwa pa bolodi, koma caka ca njala cikafika zipulumutsa anthu.

Koma cacikuru coposa zonsezi ndi ici, kuti ku masanje ana aphunzira kukhala pamodzi. Asankha mmodzi akhale mfumu, ena akhale atate ndi amai, ena akhale ana. Wina akhala tambala, ndipo akalira onse adziwa kuti kwaca. Wina akhala fisi, nazembera miphika ya anzace pamene iwo ayesa kuti ndi usiku. Fisi uja akagwidwa, kapena awiri akakangana za nkhuni, mlandu upita kwa mfumu. Pamenepo ana akhala pansi, naomba m'manja, nanena mmodzi mmodzi monga aona akuru acita pabwalo. Wamkani aphunzira kukhala cete mnzace pakulankhula, wamanyazi aphunzira kutsegula pakamwa, ndipo womana aona kuti anzace amsala. Akuru anati, mutu umodzi susenza denga, ndipo mwana amva tanthauzo la mau amenewa tsiku limene ayesa kusenza yekha kadenga ka nyumba yace.

Ciliponso cinthu cina cimene masanje abala mumtima mwa mwana, ndico kudziwa kulema kwa akumbala. Mwana amene angolandira mbale ya nsima tsiku ndi tsiku ayesa kuti cakudya cingobwera cokha. Koma mtsikana amene watunga madzi, natola nkhuni, naphika utsi uli m'maso, citsononkho cili kumbuyo m'malo mwa khanda, ayamba kuzindikira cimene amace asenza caka conse. Mnyamata amene wayenda m'thengo kufikira msana, nabwera cimanjamanja, "ana" ace a ku masanje ali kumyang'ana, alawa pang'ono nkhawa ya atate ace. Mwana wotere pakutumidwa madzulo sanyinyirika, ndipo lamulo lija la kulemekeza atate ndi amai silikhalanso mau oloweza pamtima okha.

Musayese kuti masewera otere ali a kwathu kuno kokha. M'buku la Mateyu, mutu 11, Ambuye Yesu afanizira anthu a nthawi yace ndi ana a pamsika amene asewera za cikondwerero ndi za maliro. Potero tidziwa kuti ana a dziko lija analinso kutsanzira akuru ao, ndi kuti Ambuye anawaona ali kusewera. Mneneri Zekariya, m'mutu 8 wa buku lace, pofotokoza mtendere umene udzabwerera ku Yerusalemu, achula nkhalamba zokhala panja ndi ana osewera m'miseu. Mudzi umene ana ace asewera mosaopa ndiwo mudzi wodala.

Anthu anzeru a m'maiko ena anazindikiranso cinthu comweci. Ku Germany kunali mphunzitsi dzina lace Friedrich Froebel, amene anaona kuti ana ang'ono aphunzira bwino posewera. Iye anayamba sukulu m'mudzi wa Bad Blankenburg, napatsa ana timipira ndi timatabwa tomangira, ndi timinda toti azilima okha. M'caka ca 1840 anaicha sukuluyo Kindergarten, ndiko kunena munda wa ana, ndipo sukulu zotere zafalikira m'maiko ambiri. Ndiponso m'caka ca 1989 maiko a dziko lapansi, atasonkhana m'bungwe la United Nations, anapangana za ufulu wa ana, nalembamo kuti mwana ali yense ayenera kukhala nayo nthawi ya kupuma ndi kusewera. Dziko la Malawi linalowa m'panganolo m'caka ca 1991. Cimene anthu aja analemba m'mabuku, makolo athu anacidziwa kale popanda buku. Nanga ife ticitayirenji?

Kapena wina adzafunsa kuti, "Kodi mpira ndi bawo sizikwanira?" Inde, masewera amenewa ali abwino. Mpira wa miyendo, umene anthu 11 apikisana ndi anzao 11, ulimbitsa thupi ndi kuphunzitsa kumverana. Bawo, ndi maenje ace 32, anola mutu pa kuwerengera ndi kuganizira za patsogolo. Koma mpira suphunzitsa kusunga nyumba, ndipo bawo saphunzitsa kucereza mlendo. Winanso adzati, "Mwana wa sukulu asamale mabuku okha." Koma munthu ayenda ndi miyendo iwiri. Sukulu ipatsa kuwerenga, kulemba ndi masamu, mudzi upatsa nchito za manja ndi ulemu, ndipo wosowa cimodzi ca izi atsimphina moyo wace wonse.

Tsono sindinena kuti zonse zocitika ku masanje zili zokoma. Alipo malamulo amene ana abwino ayenera kusunga.

Loyamba, masanje asalande nthawi ya sukulu kapena ya nchito imene akuru akutumani. Masana mutaweruka, tsiku Loweruka, ndi masiku opuma sukulu, ndizo nthawi zace.

Laciwiri, musabe. Zokunkha zili zanu, koma ufa wa m'dengu la amai, mazira a nkhuku, ndi mbatata za m'munda wa mwini sizili zanu. Pemphani, ndipo akakukanizani, khalani okhutira ndi zimene muli nazo. Fisi wa masewera angoseketsa anzace, koma mwana wozolowera kuba zazing'ono adzaba zazikuru.

Lacitatu, opani moto. M'nyengo imeneyi udzu uli wouma ndi mphepo ili yamphamvu. Mangani tinyumba tanu kutali ndi nkhokwe ndi nyumba za anthu, lambulani pamalo pophikira, ndipo pocoka zimani moto ndi madzi kapena dothi. Musatenthe thengo cifukwa ca mbewa, pakuti moto wotere upsereza mitengo yaing'ono ndi udzu wofolera nyumba, nusiya nthaka yamariseche kuti mvula idzaikokolole.

Lacinai, sungani matupi anu. Musapise dzanja m'una, pakuti nthawi zina mukhala njoka. Musadye cinangwa cowawa cacisawisi, popeza muli ululu umene ungaphe munthu, ndipo uturuka pokhapo cinangwaco citasendedwa, ndi kubviikidwa m'madzi masiku angapo, ndi kuyanikidwa. Musasambe m'madzi oima m'mene muli nkhono, cifukwa m'nkhonomo muturuka tizirombo tosaoneka ndi maso, timene tilowa pakhungu ndi kudwalitsa likodzo.

Lacisanu, kumbukirani kuti utate ndi umai wa ku masanje uli wa dzina lokha. Musacite kumeneko kanthu kamene mungacite nako manyazi pamaso pa akubala inu, kapena pamaso pa Mulungu amene aona ponse. Wina akakukakamizani coipa, kanani, ndipo kauzeni amai anu tsiku lomwelo. Dzuwa likapendeka, bwererani kumudzi onse pamodzi, akuru atagwira ang'ono pa dzanja.

Ndipo mukawerenga mau awa, kawauzeni atate ndi amai anu, pakuti nawonso ali ndi gawo lao. Ufa wa m'cipande, mcere wa pa nsonga za zala, ndi mphika wakale wobenthuka sizisaukitsa nyumba. Mwana akabwera ndi kansima ka ku masanje m'kambale, akuru alawe ndi kuyamika, namlangize mofatsa pamene panalakwika, pakuti mwana wosekedwa pa nchito yace yoyamba acita mphwai pa yaciwiri. Akuru anati, mmera mpoyamba.

Cifukwa cace, ana inu, dzinthu zikalowa m'nkhokwe, itanani anzanu, osasiya wamasiye kapena wolumala, ndipo kamangeni mudzi wanu wa mapesi. Mangani molimba, phikani mwaukhondo, gawanani mosakondera, weruzani milandu mwacilungamo. Zaka zowerengeka zikapita, midzi yeniyeni idzakhala m'manja mwanu, ndipo pamenepo kulakwa kudzakhala kowawa. Yesani tsopano, pamene nyumba ili ya mapesi ndi ufa uli wa m'manja.