Thundu la Bwana ndi Udzu wa M'chipululu

Ndiyambe ndi kuulula kuti mlandu umene ndikuuzenga panowu ndidauluza kale pa msonkhano wa komiti, ndipo ndaubweretsa kwa inu owerenga chifukwa mtima wanga sudavomere chigamulocho. Ku ofesi ya boma kumene ndimagwira ntchito mumzinda wa Lilongwe kudapezeka kandalama kokongoletsera bwalo lakumaso. Bwana wathu wina, amene adali atangobwera kumene kuchokera ku maphunziro ku Stellenbosch m'dziko la South Africa, adaimirira ndi zithunzi m'manja. Adationetsa misewu ya mumzindawo itaphimbidwa ndi mitengo ikuluikulu imene Angerezi amaitcha oak, ife owerenga Buku Lopatulika timaidziwa ndi dzina loti thundu.

"Ofesi ya boma izioneka ngati ofesi ya boma," adatero bwanawo.

Ine ndidakweza mkono n'kunena kuti, bwana, tikadabzala udzu wosatha umene umapirira chilala, pamodzi ndi mitengo ingapo ya konkuno. Anthu adaseka mpaka ena kupukuta misozi.

"Mwati tibzale udzu, akulu? Udzu womwe timalipira aganyu kuti atchetche?"

Mbande za thundu zidaitanitsidwa, zidafika, zidabzalidwa m'manja mukuwombedwa. Pomafika Okutobala wachiwiri zidali zitatsala zowerengeka, ndipo zotsalazo zidali moyo chifukwa mesenjala wathu, munthu wamkulu wa zidzukulu, ankazitungira madzi a pampopi m'mawa ndi madzulo. Tsidya lina la mpanda wathu amayi ankakhala pamzere ndi zidebe zawo kudikira madzi ogula. Ine ndikayang'ana pawindo ndinkaona zonse ziwiri pa nthawi imodzi, ndipo n'chifukwa chake ndikuti nkhaniyi siyongokongoletsa bwalo chabe.

Tiyeni tiuone mtengowu mwachilungamo. Thundu limene lili ku Stellenbosch kwawo n'ku Ulaya, ndipo akatswiri a zomera amalitcha Quercus robur. Mzindawo udakhazikitsidwa m'chaka cha 1679 ndi bwanamkubwa wachitsamunda Simon van der Stel, amene adalimbikitsa atsamunda anzake kubzala mitengoyi, mpaka mzindawo udapatsidwa dzina loti Eikestad, kutanthauza mzinda wa mitengo ya thundu. Ndi mtengo wokongoladi, wa mthunzi wandiweyani, ndipo kwawo ku Ulaya umakhala zaka mazanamazana. Koma mtengowu udazolowera chisanu choopsa chimene chimaugonetsa miyezi ingapo n'kuukulitsa pang'onopang'ono. Ku Cape chisanu n'chochepa, kotero umakula mothamanga, thabwa lake limakhala losalimba ndipo mitengo yambiri yakale idawola pamtima n'kusanduka mphako. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Zithunzi za bwana zija zidajambulidwa kunja kwa mtengo.

Komanso ku Stellenbosch mvula imagwa m'nyengo yozizira, kuyambira cha m'Meyi mpaka Ogasiti, kotero thundu likamaphukira masamba atsopano limapeza nthaka ili chinyontho. Kuno n'zosiyana. Mvula yathu imagwa kuyambira Novembala mpaka Epulo, ndiye mtengo umene umayoyola masamba m'Juni n'kuphukira dzuwa likayamba kutentha umafuna madzi ambiri m'miyezi yomwe Lilongwe ali gwa! Ngati kumwamba sikuupatsa madziwo, ndiye kuti upatsidwa ndi mpopi, ndipo bilu yake ilipidwa ndi msonkho wanu ndi wanga.

Mphwanga wina amagwira ntchito yosamala maluwa m'nyumba za anthu ku Somerset West, kufupi ndi Cape Town, monga amachitira Amalawi ambiri kumeneko. Iyeyo ndiye adanditsegula m'maso. Chilala chitavuta kuyambira 2015, madzi m'madamu a mzindawo adachepa kwambiri, ndipo pa 1 Febuluwale 2018 munthu aliyense adalamulidwa kuti asapitirire malita 50 a madzi pa tsiku. Kuthirira maluwa ndi madzi a pampopi kudaletsedwa. Mphwangayo adandiimbira foni n'kuti, "Achimwene, kapinga amene ndamupembedza zaka zonsezi lero andiuza kuti ndimuzule." M'malo mwake adabzala udzu wa zitsinde ndi zitsamba zozolowera kuuma. Mavuto sadathere pomwepo. M'chaka cha 2017 ku Pietermaritzburg kudapezeka kachirombo kofukula mitengo kochokera ku Asia, kakang'ono ngati njere ya chitowe, kamene kamalowetsa nkhungu m'thunthu mpaka madzi kulephera kukwera. Pofika 2019 kadali katalowa mu Somerset West, ndipo thundu lili m'gulu la mitengo imene imafa nako msanga. Mphwanga adaona mitengo yakalekale ikugwetsedwa ndi macheka m'misewu imene amayendamo. Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe. Ife nthawi imeneyo n'kuti tikulemba makalata oitanitsa mbande kuchokera kudziko lomwelo.

Tsopano tione wonyozekayu. Aliyense amene adayendapo pa basi kuchoka ku Johannesburg kupita ku Cape Town adadutsa m'chigwa chouma cha Karoo, ndipo mwina adaona udzu wa ngayaye zoyera ngati nthenga ukuwerama ndi mphepo. Akatswiri amautcha Stipagrostis, ndipo mitundu yake imamera ku Karoo, ku Kalahari ndi m'chipululu cha Namib. Udzu umenewu umakhala zaka zambiri pa chitsinde chimodzi. Masamba ake ndi opyapyala, opindika ngati singano, kotero sataya madzi ambiri padzuwa. Mvula ikasowa umauma pamwamba n'kugona, kenako kamvula kochepa kakawaza umadzuka n'kubiriwira. Mtundu wina wa m'milu ya mchenga ya ku Namib umachita kukolola nkhungu yochokera kunyanja: timadontho timasonkhana pa masamba n'kutsetserekera kumizu. Nkhosa za alimi a ku Karoo zimadalira msipu umenewu. Palibe mesenjala amene amautungira madzi.

Wina anena kuti, ndiye mukufuna tikatenge udzu ku Namib tidzabzale mu katondo wa ku Lilongwe? Iyayi. Ndikadatero ndikadachita chimodzimodzi chimene ndikudzudzula, chifukwa udzu wozolowera mchenga wouma sungakondwe m'dothi lomata lomwe limanyowa miyezi isanu. Chimene ndikutenga ku udzuwo ndi funso limene komiti yathu sidafune kulimva: kodi chomera ichi chingadzidalire pa mvula imene malo ano amalandira? Funso limeneli likafunsidwa, mayankho ali pakhomo pomwepa. Vetiva, amene alangizi a zaulimi akhala akutiphunzitsa kubzala pa akalozera, amazika mizu yake mamita angapo pansi, amagwira nthaka kuti isakokoloke, ndipo ukamumeta bwino amapanga mpanda waudongo kuposa maluwa ambiri ogula. Vetiva naye ndi mlendo, adachokera ku India, monga momwe chimanga chidachokera ku America. Sindikudana ndi alendo ayi. Ndikudana ndi mlendo amene amadya zambiri kuposa eni nyumba, osagwirako khasu.

Wina anenanso kuti udzu ulibe mthunzi, ndipo munthu wobwera kudzasainitsa pepala sangadikire pansi pa chitsinde. Apa ndivomera, ndipo n'chifukwa chake ndidatchula mitengo pa msonkhano uja, kungoti kuseka kudaphimba mawu anga. Tili ndi nsangu, mtengo umene umayoyola masamba nthawi ya mvula n'kuvala masamba m'chilimwe, kotero mthunzi wake umapezeka m'Okutobala momwe timaufunitsitsa. Tili ndi mbawa, imene imakula mwaulemerero wosachepera thundu lililonse. Tili ndi msuku, mtondo ndi bwemba. Mitengo imeneyi ikangogwira imadzionera yokha. Koma mbawa sioneka pa zithunzi za ku maphunziro akunja, ndiye kwa ena mwa ife siili mtengo wa ofesi.

Za njoka ndi moto nazonso zidanenedwa. Udzu wosiyidwa ngati tchire ungabisedi njoka, ndipo ungayake m'Sepitembala. Koma udzu wobzalidwa m'mizere, wometedwa kawiri kapena katatu pa chaka, wokhala ndi tinjira pakati, suli tchire. Ntchito yometa ndi yochepa poyerekeza ndi yonyamula zidebe tsiku ndi tsiku kwa miyezi isanu ndi umodzi.

Kunena zoona, chimene chidaseketsa anzanga aja si njoka kapena mthunzi. Ndi manyazi. Tidakula tikuphunzitsidwa kuti udzu ndi mdani wa kumunda, kuti pakhomo pa munthu wakhama pazikhala mbee, posesedwa mpaka nthaka kuperepeseka, ndipo pakhomo pa munthu wophunzira pazikhala kapinga wobiriwira ngakhale m'Okutobala. Tikamabzala timafuna odutsa adziwe kuti tidapitako kunja. Nthaka ndi mvula sizifunsidwa maganizo. Tidachitapo kale zotere ndi bulugama amene tidamubzala m'mphepete mwa madambo, ndipo akuluakulu m'midzi yambiri angakulozereni zitsime zimene zidaphwa. M'Malichi 2024 boma lidalengeza kuti maboma 23 mwa maboma 28 a dziko lino agwa m'ngozi ya chilala. Dziko lotere likamathira madzi oyeretsedwa ndi mankhwala pa mtengo wongodzionetsera nawo, pali china chake chasokonekera m'mitu mwathu.

Chaka chilichonse kuyambira pa 15 Disembala mpaka pa 15 Epulo timakhala m'nyengo yobzala mitengo, ndipo timamva za mbande zochuluka zimene zabzalidwa. Ndikadakonda tsiku lina titamva za zimene zapulumuka pakatha zaka zitatu popanda wozithirira. Pempho langa kwa makomiti a maofesi, a sukulu ndi a mipingo n'lakuti musanagule mbande muziyamba mwafunsa amene adzanyamule chidebe. Mesenjala wathu akadafunsidwa, msonkhano uja ukadatha mwamtundu wina. Safunsa adadya phula.

Pakhomo panga ndidabzala vetiva m'mbali mwa mpanda ndi nsangu ziwiri kuseri. Sindidazithirirepo chiyambire mvula yachiwiri. Ku ofesi kwatsala thundu limodzi lofika m'chiuno, ndipo bwana uja adasamutsidwira ku unduna wina. Mesenjala akadalitungirabe madzi, poti palibe amene walemba kalata yomuuza kuti aleke.