Dziwani Mdani wa Mitengo ya Wattle

Alimi anzathu, pa chisumbu cha Tasmania ku Australia, kwao kwa mitengo ya wattle, nkhalango zina zimaoneka ngati zapsa, chonsecho moto sunapitepo. Kochita zimenezi ndi kachikumbu kotchedwa fireblight beetle, kobiriwira, ka mizere pamsana, kotalika ngati mamilimita 6. Iko pamodzi ndi mphutsi zake zimadya masamba kufikira atatha. Mtengo wodyedwa chaka ndi chaka umafa, ndipo makungwa ake ofufutira zikopa amatayika.

Tsono ife tikuti: musathamangire mankhwala musanazindikire chirombo chake. Yambani mwapenyetsetsa pa masamba. Kachikumbu kodya masamba kali ndi tinyanga tatitali, koma kanzake kofiira ka madontho akuda, kamene kamadya nsabwe za zomera, kali ndi tatifupi. Kameneka ndi bwenzi la mlimi, musakaphe.