Kodi Timu ya Mpira ya ku Koleji ndi ya Yani?

Mwezi wathawu mnyamata wina wa Folomu 4 pasukulu imene ndimaphunzitsa kuno ku Dowa adandipeza pabwalo la masewero nandifunsa kuti, "Aphunzitsi, ndikasankhidwa kupita ku Sukulu ya Ukachenjede, kodi nsapato zanga za mpira ndidzazisiye kumudzi?" Mnyamatayu ngwanzeru m'kalasi, ndiponso ndi wotchinga kumbuyo wodalirika. Funso lakelo ndilo landikhazika pansi kuti ndilembe nkhani ino.

Tiyambe ndi mbiri, pakuti ambiri amayesa kuti mpira ndi maphunziro nzinthu zodana. Mpira wamiyendo umene tiudziwa lerowu udaleredwa m'masukulu. Ku England, ophunzira a ku Cambridge adakhala pansi m'chaka cha 1848 nalemba malamulo akuti anyamata ochokera m'masukulu osiyanasiyana azitha kusewera pamodzi popanda mkangano. M'chaka cha 1874 timu ya Oxford University idatenga chikho cha FA Cup, ndipo idagonjetsa timu ya asilikali ya Royal Engineers ndi zigoli ziwiri kwa duu.

Kuno kwathu Sukulu ya Ukachenjede ya Malawi idalandira ophunzira ake oyamba m'chaka cha 1965 ku Chichiri mu mzinda wa Blantyre, ndipo Chancellor College idasamukira ku Zomba m'chaka cha 1973. Anyamata a ku Chancellor, ku Polytechnic ndi ku Bunda akhala akupikisana pabwalo kwa zaka zambiri. Kumpoto nako, Mzuzu University itatsegulidwa m'chaka cha 1999, kudabadwa timu ya Mzuni FC, imene idakwera mpaka kulowa mu ligi yaikulu ya dziko lino nilimbana ndi Bullets, Wanderers ndi Silver Strikers. Koma lero dzinalo simulipezanso mu ligiyo. Timuyo idasiyana ndi sukulu yake nitenga dzina lakuti Mzuzu Warriors.

Zoterezi zidachitikanso ku Johannesburg. Timu ya Wits, imene idayambidwa ndi ophunzira m'chaka cha 1921, idasanduka kalabu ya osewera olipidwa, nitenga ligi ya South Africa m'chaka cha 2017. Patangopita zaka zitatu, m'chaka cha 2020, malo ake mu ligi adagulitsidwa, timuyo itatsala chaka chimodzi chokha kuti ikwanitse zaka 100.

Phunziro lake nlotani? Ligi yaikulu imafuna ndalama za maulendo, malipiro ndi malo ogona, ndiponso imafuna osewera amene alibe mayeso mawa. Timu ya koleji ikalowa m'menemo, imakakamizika kufuna osewera kunja kwa mpanda. Pang'ono ndi pang'ono wophunzira weniweni amachoka pabwalo nakhala woonerera, ndipo tsiku limene thumba lauma, palibe chotsala chomangirira timuyo ku sukulu. Akulu adati chikomekome cha nkhuyu m'kati muli nyerere.

Ena adzati kupambana kwa timu kumatchukitsa sukulu. Nzoona, ndipo ine sindinyoza chikho. Koma phindu lenileni la timu ya koleji ndimaliona kuno kumapiri. Pitani m'masukulu a ku Mponela, ku Madisi, ku Mvera kapena ku Ntchisi, mukafunse amene amaimba wezulo madzulo a Lachitatu. Kawirikawiri mudzapeza kuti ndi mphunzitsi wa masamu kapena wa Chichewa amene adasewerako mpira ali ku koleji. Ineyo zochepa zimene ndimaphunzitsa ana pabwalo ndidaziphunzira komweko, ngakhale kuti nthawi zambiri ndinkakhala pabenchi. Koleji ikasiya kuseweretsa ophunzira ake, patapita zaka khumi masukulu akumidzi ndiwo adzasowa owaphunzitsa.

Choncho ndipempha zinthu ziwiri. Choyamba, timu yotchedwa ndi dzina la sukulu izikhala ya ophunzira olembedwa m'kaundula, ngakhale zitatanthauza kuti isewere mu ligi yaing'ono. Chachiwiri, mbiri ya matimuwa ilembedwe msanga. Bunda idapatuka m'chaka cha 2012 nikhala LUANAR, ndipo Polytechnic idasanduka MUBAS m'chaka cha 2021. Maina akamasintha chotere, zithunzi zakale ndi mabuku a makomiti zimatayika mosavuta. Abambo amene adasewera ku Zomba zaka za m'ma 1970 tsopano ndi okalamba. Inu aphunzitsi anzanga, ngati mumakhala moyandikana ndi mmodzi wa iwo, tengani cholembera mukacheze naye.

Nanga mnyamata uja? Ndidamuuza kuti nsapatozo adzaziike pansi pa sutikesi, mabuku pamwamba pake, ndipo akafika adzafunse kumene kuli bwalo. Pemphero langa nlakuti akadzafunsa, adzapeze timu imene ili ndi malo a wophunzira ngati iye.